Chinkhoswe tinachita, viza anandikana: ndidzere njira iti kuti ndikakhale ndi bambo ku Britain?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kupulayimale m'boma la Zomba. Bambo amene ndikufuna kumanga nawo banja akhala ku Leeds zaka 7 akugwira ntchito yosamalira okalamba. Amandiuza kuti mapepala ali nawo, ndiponso kuti pamwezi amalandira pafupifupi £2,000. Chaka chatha atabwera kutchuthi tinachita chinkhoswe kwathu. Pambuyo pake ndinapempha viza yokacheza, koma anandikana ponena kuti sakukhulupirira kuti ndidzabwerera. Anzanga ena akuti ndiyesenso viza yomweyo, ndikafika tikangomangitsa ukwati komweko, pomwe ena akuti ndipemphe viza ya fiancé, ya munthu wotomeredwa. Nditsate ziti?

Yankho: Chemwali, ndiyambe ndi uphungu wa anzanu oyambawo, chifukwa ndi umene ungakutsekereni khomo kwa nthawi yaitali. Viza yokacheza, imene iwo amaitcha Standard Visitor, silola munthu kumangitsa ukwati ku Britain, ngakhale kukapereka chidziwitso cha ukwati ku ofesi ya kaundula. Ndipo ngakhale ukwatiwo utatheka mwanjira ina, mlendo saloledwa kusintha viza yake ali komweko kuti ikhale ya mkazi wa munthu. Amayenera kubwerera kwawo n'kukapempha ali kumeneko. Ilipo viza ina yotchedwa Marriage Visitor, ya miyezi 6, imene imalola kukwatirana, koma iyo ndi ya anthu amene akufuna kungochitira mwambo ku Britain kenaka n'kutuluka. Choipa kwambiri pa uphungu umenewu n'chakuti ukufuna kuti mulembe pa fomu kuti mukupita kukacheza chabe pomwe mumtima mukudziwa kuti simudzabwerera. A Home Office, unduna wa Britain woona za anthu olowa m'dzikomo, akazindikira bodza lotero amalisunga m'mbiri yanu, ndipo pa mitundu ina ya viza munthu amatsekeredwa mpaka zaka 10.

Kukanidwa kumene munakumana nako kusakugwetseni mphwayi. Wounika pempho la viza yokacheza amafunsa chinthu chimodzi chachikulu, chakuti kodi munthuyu ali ndi chomukokera kwawo choposa chimene chikumukokera ku Britain. Mphunzitsi wolandira makwacha amene mwamuna womuchitira chinkhoswe ali ku Leeds savuta kumukana. Pa viza ya banja funsolo limatembenuka, pakuti kumeneko mukunena poyera kuti mukupita kukakhala, ndipo chimene chinakugwetsani pa pempho loyamba ndicho chimasanduka umboni wanu. Kalata yokukanani ija muisunge, ndipo fomu yatsopano ikakufunsani ngati munakanidwapo, muyankhe kuti inde, n'kutchula tsiku lake.

Tsopano ndifike pa mawu amene andiimitsa m'kalata yanu, akuti mapepala ali nawo. Amalawi okhala kunja amagwiritsa ntchito mawu amenewa pa zinthu zosiyana kwambiri, ndipo njira yanu yonse yagona pa tanthauzo lake. Viza ya banja, kaya ya fiancé kaya ya mkazi wokwatiwa kale, imatheka ngati woitanayo ali nzika ya Britain kapena ya Ireland, kapena ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale chimene amachitcha indefinite leave to remain, kapenanso anapatsidwa chitetezo ngati wothawa kwawo. Munthu amene ali pa viza ya ntchito kapena ya sukulu, ngakhale akukhala movomerezeka ndi kukhoma msonkho mwezi ndi mwezi, sangaitane munthu pa njira imeneyi. Zaka 7 pazokha sizipereka chilolezo chokhazikika. Ambiri amachipeza atakwanitsa zaka 5 pa viza ya ntchito, kapena zaka 10 zokhala movomerezeka mosadukiza, ndipo mu Meyi 2025 boma la Britain linalengeza maganizo ofuna kutalikitsa nthawiyi kwa anthu ambiri.

Ngati bambowo akadali pa viza ya ntchito, inu mungapite ngati wodalira iwo, ndipo njira imeneyo ilibe gawo la fiancé: imafuna kuti mukhale okwatirana kale, kapena musonyeze kuti mwakhala pa ubale wonga wa banja kwa zaka 2. Apa ndi pamene ntchito yawo ikundidetsa nkhawa. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, osamalira okalamba ndi odwala amene anatenga viza ya ntchitoyi kuyambira tsikulo saloledwa kubweretsa mkazi, mwamuna kapena ana, pomwe amene anali kale pa vizayo tsikuli lisanafike ufuluwo anatsala nawo. Choncho musanaononge khobidi lililonse, apempheni akuonetseni chimene ali nacho. Ngati ndi nzika, pali pasipoti. Ngati si nzika, chilolezo chawo chili pa intaneti, pa akaunti ya UKVI, nthambi ya Home Office yoona za maviza, ndipo angathe kukutumizirani chithunzi chake kapena nambala yotsimikizira imene amaitcha share code. Kufunsa zimenezi si kukayikira chikondi chawo ayi, ndi zimene fomu idzafunsa ndithu. Ndaonapo amayi atalemba mayeso a Chingelezi, kuyezetsa chifuwa ndi kugulitsa katundu wa m'nyumba, kenaka n'kumva kuti woitana uja pempho lake lomwe likadali m'manja mwa boma.

Tiyerekeze kuti ali ndi chilolezo chokhazikika kapena unzika. Funso lotsatira ndi lakuti inuyo ndinu ndani pamaso pa lamulo, wotomeredwa kapena mkazi wapabanja. M'tauni masiku ano chinkhoswe ambiri amachiona ngati chitomero chabe, ukwati weniweni n'kukhala wa kutchalitchi. Koma pa mwambo wa madera otsata kuchikazi, monga kwanu ku Zomba, ankhoswe a mbali zonse akakumana, n'kugwirizana, n'kusinthana tambala ndi msoti pamaso pa abale, banja lamangidwa. Lamulo la maukwati la mu 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira ukwati wa kwa DC, wa chipembedzo, wa mwambo, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Dziko la Britain nalo limalemekeza ukwati umene uli wovomerezeka kumene unachitikira. Zikatero mungapezeke kuti mukupempha viza yopita kukakwatiwa ndi munthu amene mwalamulo ndi mwamuna wanu kale, ndipo wounika akaona zithunzi za mwambowo angathe kufunsa chifukwa chake mukudzitcha fiancé. Mbali inayo nayo ili ndi vuto lake, pakuti mukadzitcha mkazi wapabanja adzafuna setifiketi, ndipo nkhuku ndi mawu a ankhoswe sizilowa mu kompyuta.

Maganizo anga ndi akuti msokonezo umenewu muuthetsere kuno kumudzi. Bambowo abwere, mukalembetse ukwati kwa DC kapena ku ofesi ya Registrar General, kapena mudalitse ukwati kumpingo umene uli ndi chilolezo chopereka setifiketi yovomerezeka ndi boma, kenaka mupemphe viza ngati mkazi wawo. Pa fomu ndi m'kalata yofotokoza mbiri yanu mutchule masiku onse awiri monga mmene zinachitikira, la chinkhoswe ndi la setifiketi, kuti wina asadzaone ngati mukubisa kanthu. Mukonzeretu nthawi yokwanira, chifukwa chidziwitso cha ukwati chimayamba chapachikidwa kwa masiku angapo, ndipo tchuthi cha masabata awiri chimatha anthu akadali pamzere.

Pali chinthu china chovuta kuchifunsa koma chosathawika. Ngati wina wa inu anakhalapo pabanja, ngakhale la mwambo lomwe linangotha ndi kusiyana kwa pakamwa, pamafunika umboni wakuti linathetsedwa mwalamulo, ndipo kuno kwathu maukwati a mwambo amathetsedwa kubwalo la majisitireti. Ngati bambowo anakwatirapo ku Britain, pakhale chikalata chomaliza cha khoti cha chisudzulo. Malamulo a kumeneko salola kubweretsa mkazi wachiwiri pomwe woyamba akukhala m'dzikomo ali pabanjabe, kaya mwambo wa kwathu ukuloleza mitala.

Ndikamati ukwati uchitikire kuno sindikungoganiza za mwambo, ndalama nazo zikunena chimodzimodzi. Pa mitengo imene inayamba mu Epulo 2025, pempho la viza ya banja lochokera kunja linali £1,938, kaya ndi la fiancé kaya la mkazi. Wopita ngati mkazi amaonjezera ndalama ya zaumoyo, £1,035 pachaka, imene pa viza ya miyezi 33 imakwana £3,105, zonse pamodzi £5,043 pa mitengo ya 2025 yomweyo, ndipo akangotsika ndege ali ndi ufulu wogwira ntchito. Wopita ngati fiancé amapatsidwa miyezi 6 yokha, saloledwa kugwira ntchito kapena kuphunzira, ndipo akamangitsa ukwati amapemphanso kachiwiri ali komweko, kulipira, pa mitengo ya 2025 yomweyo, £1,321 ndi £2,587.50 ya zaumoyo, zonse pamodzi £5,846.50. Kusiyana kwa £800 ndi kochepa poyerekeza ndi miyezi imene adzakhale m'nyumba osalandira kanthu, akudikira kaye masiku osachepera 28 a chidziwitso cha ukwati, kenaka yankho la pempho lachiwiri. Miyezi ya ufiancé siwerengedwa pa zaka 5 zofikira chilolezo chokhazikika, ndipo akagonekedwa m'chipatala m'nyengo imeneyo angathe kulipiritsidwa. Palinso chitetezo chimene sindifuna kuchidumpha ngakhale sindikukufunirani zoipa: mkazi wa nzika kapena wa munthu wokhazikika, banja likatha chifukwa cha nkhanza, angathe kupempha chilolezo chokhala payekha, pomwe fiancé mwayi umenewo alibe. Mitengoyi imakwera kawirikawiri, choncho muione pa tsamba la pa intaneti la boma la Britain, GOV.UK, tsiku lopempha lisanafike.

Phiri lalikulu ndi malipiro a woitana. Kuyambira mu Julayi 2012 malire anali £18,600 pachaka, ndipo pa 11 Epulo 2024 anakwezedwa kufika £29,000. Chiwerengerochi ndi cha malipiro msonkho usanachotsedwe. Inu mwatchula £2,000 pamwezi, koma simunanene ngati imeneyi ndi yolowa m'thumba kapena yolembedwa pamwamba pa payslip. Ngati ndi yapamwamba, ndiye kuti pachaka ndi £24,000, ndipo yaperewera ndi £5,000. Ngati ndi yotsala atadula msonkho, bambowo ali m'malire penipeni, pakuti munthu wa £29,000 amatsala ndi ndalama yongopitirira pang'ono £2,000 pamwezi. Pa malire otero maola ochepa owonjezera kapena sabata imodzi yosagwira ntchito ndi imene imagamula mlandu.

Kawerengedwe kake kali motere. Munthu amene wakhala kwa bwana mmodzi miyezi 6 kapena kuposa amasonyeza mapayslip a miyezi 6, masitetimenti a kubanki a miyezi yomweyo oonetsa ndalamazo zikulowa, ndi kalata ya abwana yotsimikiza ntchito, nthawi imene wagwira ndi malipiro. Kwa olipidwa pa ola, monga ambiri osamalira okalamba, amaphatikiza zonse za miyezi 6, kugawa ndi 6, n'kuchulukitsa ndi 12. Apa pali msampha umene umagwira maanja ambiri. Mwamuna amatenga tchuthi chosalipidwa cha mwezi wathunthu kubwera ku ukwati, akabwerera n'kupempha viza nthawi yomweyo, osazindikira kuti mwezi wopanda malipiro uja watsitsa chiwerengero. Ndi bwino kubwera pa tchuthi cholipidwa, apo ayi adikire kuti miyezi 6 yabwino ikwanenso. Payslip ndi sitetimenti yomaliza zisapitirire masiku 28 pa tsiku lotumiza pempho. Malipiro anu a uphunzitsi sawerengedwa, ngakhale lonjezo la ntchito imene mungakaipeze mukafika.

Ndalama zosunga zingathe kukwaniritsa popereweredwa, koma masamu ake ndi owawa. Amatenga chimene chaperewera, kuchulukitsa ndi 2.5, n'kuonjezera £16,000. Wolandira £27,000 amafunika £21,000 kubanki, wolandira £24,000 amafunika £28,500, ndipo amene alibe malipiro owerengeka amafunika £88,500. Ndalamazo zikhale mu akaunti ya mmodzi wa inu kwa miyezi 6, zikhale zanuzanu, ndipo gwero lake lidziwike. Mphatso yeniyeni ya m'bale imaloledwa, koma ndalama yobwereka kwa anzawo a chipereganyu kuti ingogona mu akaunti usiku umodzi siloledwa, ndipo pa sitetimenti imaonekera patali. Woitana amene amalandira thandizo la boma la ulumali kapena losamalira wodwala, monga Personal Independence Payment kapena Carer's Allowance, sayesedwa ndi £29,000, amangosonyeza kuti banjalo lidzatha kudzisamala. Khoti lalikulu la Britain, pa mlandu wa MM (Lebanon) mu 2017, linagamula kuti malire a malipirowa ndi ovomerezeka, koma linati boma liziganizira ubwino wa ana ndi magwero ena a ndalama pamene kukana kungabweretse mavuto oopsa. Khomo limenelo ndi lopapatiza, ndipo wodzera pamenepo amadikira chilolezo chokhazikika zaka 10 m'malo mwa 5.

Za umboni wa chikondi anthu amachulutsa zosafunika n'kusiya zofunika. Lamulo limafuna kuti nonse mukhale a zaka 18 kapena kuposa, munaonanapo maso ndi maso, ubale wanu ndi weniweni ndipo ukupitirira, komanso mukufuna kukakhala pamodzi. Wounika sadzawerenga masamba 300 a WhatsApp. Chimene chimamugwira mtima ndi ulusi woongoka: chidindo cha pabwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu m'pasipoti ya bambowo chogwirizana ndi tsiku la chinkhoswe, tikiti ya ndege, zithunzi zochepa zoonetsa abale a mbali zonse, malisiti a ndalama zimene amakutumizirani okhala ndi dzina lanu, ndi masamba owerengeka a mauthenga otengedwa m'miyezi yosiyanasiyana. Mauthenga a m'Chichewa amene mukufuna kuti awerengedwe amafunika kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka. Muonjezere umboni wa nyumba imene mukakhalemo, monga pangano la lendi ndi kalata ya mwini nyumba yovomera kuti mudzakhalemo, chifukwa chipinda chogawana ndi anyamata anzawo chingathe kuonedwa kuti n'chothinana. Nkhani imene inu mudzalemba ifanane ndi imene iwo adzalemba. Wina akati munakumana ku Chinamwali mu 2021, mnzake n'kuti ku Blantyre mu 2022, kachinthu kakang'ono kotero kamadzutsa chikayiko pa zonse.

Kwa inu panokha kwatsala zinthu zitatu, ndipo choyamba chimakwiyitsa aphunzitsi ambiri. Malawi sali pa mndandanda wa maiko amene Britain imawaona kuti anthu ake ambiri amalankhula Chingelezi, choncho ngakhale mumaphunzitsa m'Chingelezi tsiku ndi tsiku, MSCE yanu kapena setifiketi ya ku TTC sizikwanira. Mudzalemba mayeso ovomerezeka a kulankhula ndi kumva pa mlingo woyambira wa A1, monga IELTS Life Skills, pokhapokha ngati muli ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingelezi imene bungwe la Ecctis laitsimikiza. Mayesowo ndi osavuta, koma akhale a mtundu umene UKVI imavomereza, olembedwa pamalo ovomerezeka. Chachiwiri ndi kuyezetsa chifuwa chachikulu, kumene kumachitikira kuchipatala chokhacho chimene Home Office inachiika pa mndandanda wake, osati chilichonse chokhala ndi makina a X-ray, ndipo setifiketi yake imagwira ntchito miyezi 6. Chachitatu ndi maina. Muike pathebulo pasipoti, chiphaso cha unzika, setifiketi ya mayeso ndi ya ukwati, muone ngati dzina, kalembedwe kake ndi tsiku lobadwa zikufanana chilembo ndi chilembo. Ambiri a ife tinalembetsa sukulu ndi dzina la agogo, pasipoti n'kutenga la bambo, ndipo kukonza zimenezi kumafuna kalata yolumbira pempho lisanapite.

Pempho limalembedwa pa intaneti, kenaka mumapita ku Lilongwe kukajambulitsa nkhope ndi zidindo za zala. Ogwira ntchito pamalo amenewo sagamula kanthu, ndipo kudandaulira ofesi ya kazembe sikufulumizitsa yankho, chifukwa ounika ndi a UKVI. Nthawi imene boma limalonjeza ndi masabata 12, ngakhale mu 2022 inafika masabata 24. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipo kuno, khadi ya banki ya ku Malawi ingakanike kulipira ndalama zochuluka chotere, choncho bambowo alipire ndi khadi yawo. Madobadoba olonjeza kuti ali ndi munthu wawo mkati muwapewe, makamaka amene amati akukonzerani sitetimenti kapena kalata ya ntchito, pakuti ounika amatha kuimbira banki ndi abwana, ndipo chikalata chabodza chimagwera pa dzina lanu, osati la dobadoba. Ngati mufuna thandizo, bambowo apeze loya wa kumeneko kapena mlangizi wolembetsedwa ndi Immigration Advice Authority, bungwe limene kale linkatchedwa OISC.

Zitachitika kuti akukananinso, viza ya banja ili ndi mwayi umene yokacheza ilibe, wochita apilo kukhoti la First-tier Tribunal pasanathe masiku 28 chilandirireni kalata, potsamira ufulu wokhala ndi banja umene uli mu Article 8 ya pangano la ku Ulaya la ufulu wa anthu. Koma apilo imatenga miyezi yambiri. Ngati chifukwa chokanira ndi payslip imodzi yosowa kapena kalata ya abwana yosakwanira, kawirikawiri kupemphanso ndi mapepala okwanira kumafulumira, ngakhale kumafuna kulipiranso. Apilo imayenera pamene wounika wakayikira ubale wanu weniweniwo kapena wakunenani kuti mwanama, chifukwa chiganizo chotero chikasiyidwa osatsutsidwa chimatsatira mapempho onse a mtsogolo.

Ndondomeko ya nthawi muikonze chobwerera m'mbuyo kuchokera pa mapayslip. Mukaona chilolezo cha bambowo ndi kuwerengera pamodzi malipiro awo a miyezi 6, musankhe mwezi wotumiza pempho. Ukwati ndi mayeso a Chingelezi zichitike mwezi umenewo usanafike, kuyezetsa chifuwa kubwere chakumapeto kuti setifiketi isathe mphamvu, kalata ya abwana ndi sitetimenti yomaliza zitengedwe m'sabata yomwe mukutumiza. Ntchito yanu ya uphunzitsi musaisiye, nyumba musabweze, ndipo tikiti musagule kufikira yankho litatuluka, chifukwa masabata 12 aja angathe kusanduka teremu yathunthu ndi theka, ndipo inu mudzafunika malipiro anu m'miyezi yodikirayo.